Mpanda Wosayoyola Masamba: Ulendo wa pa Mseu wa Kum'mawa

M'mwezi wa Januwale mtengo uli wonse uoneka wabwino. Mvula ikamagwa, ngakhale citsamba ca m'mbali mwa njira cimabvala masamba ambiri, kotero kuti mbuzi ingabisale kuseri kwake osaoneka. Koma banja limene lifuna kubzala mitengo yochinga pakhomo, kuti odutsa m'njira asamaone zonse zocitika pabwalo, lisasankhe mitengo yake m'nyengo imeneyo ai. Nthawi yosankhira ndi Sepitembala ndi Okutobala, pamene udzu wapsa, mitsinje yaphwa ndipo mitengo yambiri yatsala nthambi zokhazokha. Mtengo umene ukhalabe wobiriwira m'masiku amenewo, pa dothi lofanana ndi lanu, ndiwo udzasunga ulemu wa pakhomo panu caka conse.

Nkhani imeneyi si ya kukongoletsa nyumba cabe. M'makomo ambiri a m'dziko lathu bafa ndi cimbudzi ziri panja, zobvala zimayanikidwa pabwalo, ndipo agogo akadwala amagonekedwa pamphasa pansi pa mthunzi. Pali ana aakazi amene akukula, palinso apongozi amene sayenera kumangopenyana nthawi zonse. Mpanda wa udzu ndi wabwino, koma ciswe cimaudya kunsi, moto wa lupsa umautha m'kanthawi, ndipo pakapita caka cimodzi kapena ziwiri pamafunika wina. Wa njerwa ndi simenti si onse angaukwanitse. Mpanda wamoyo ufuna ndalama zocepa, koma ufuna nzeru posankha, pakuti kulakwa kwa lero kumaoneka mtengo utakula kale.

Sukulu yabwino yophunziriramo zimenezi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, uja wochedwa Great East Road. Pa makilomita ake pafupifupi 570 mseuwu umayamba pamtunda pozizira, nutsikira m'cigwa cotentha, nukweranso kumapiri a kum'mawa. Amene akwera basi m'cilimwe nakhala pafupi ndi zenera, osagona tulo, angafike ku Chipata atadziwa mitengo yomuyenera ndi yosamuyenera.

Lusaka, mzinda wa zipupa

Mzinda wa Lusaka uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja ya mcere. Unakhala likulu la dziko lino mu 1935, ndipo amene anajambula mapulani ake, potsata maganizo a Professor Stanley Adshead, anafuna kuti ukhale mzinda wa kapinga ndi mitengo. Zizindikiro za maganizo amenewo zikalipo m'miseu yakale ya ku Rhodes Park, Woodlands ndi Kabulonga. Komatu masiku ano wodutsa kumeneko amaona makamaka zipupa zazitali za mabuloko, zina zokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Cipupa cimachinga maso, inde, koma masana cimamwa dzuwa nicitulutsa kutentha kwake usiku, ndipo mphepo ikagunda pa ico imangodumpha nigwetsa fumbi pabwalo lomwelo. Mzere wa mitengo sutero. Umasefa mphepo, nuicepetsa mphamvu pa mtunda wofika kakhumi kutalika kwa mitengoyo.

Mitengo ya m'miseu ya Lusaka ndiyo itipatsa phunziro loyamba. Jakaranda, wocokera ku South America, amasangalatsa maso mu Okutobala pamene maluwa ake ayala pansi ngati mphasa, koma tapenyani kumwamba: nthambi zake ziri pambalambanda. Malaina, amene ambiri amamukonda cifukwa ca kukula msanga, nayenso amavula masamba m'cilimwe. Bulugamu savula, koma akakula masamba ake amathawira kunsonga, nasiya thunthu losalala m'munsi, pomwe pali maso a anthu. Kubzala bulugamu kuti muchinge bafa kuli ngati kubvala cipewa n'kuiwala nsalu.

M'mbali mwa zipupa za nyumba zatsopano mumaoneka mtengo wina wochedwa ashoka, wocokera ku India ndi Sri Lanka. Umaima cilili ngati mzati, masamba ake atalendewera kuyambira pansi mpaka kunsonga, ndipo popeza sutambalala, umayenera puloti laling'ono. Ukabzalidwa motalikirana mita imodzi ndi theka kapena mamita 2, mzere wake umatseka bwino. Koma ukali waung'ono ufuna madzi, ndipo sugwirizana ndi cisanu ca m'madambo. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinakumbutsa anthu a m'tauni kuti madzi a m'paipi ndi a m'citsime angathe kusowa. Tsono musanagule mbande ku nazale, dzifunseni kumene mudzatunga madzi othirira m'zilimwe ziwiri zoyamba.

Kucokera ku Chongwe kutsikira ku Luangwa

Tikadutsa Chongwe ndi Rufunsa nyumba zimacepa, ndipo mseu umalowa m'nkhalango ya miombo. M'mbali mwake mwaimikidwa matumba a makala odikira malole a ku Lusaka. Miombo iri ndi cizolowezi codabwitsa: itayoyola masamba m'cisanu, imaphukira atsopano mu Sepitembala, ofiira ndi ena ngati mkuwa, mvula isanagwe ngakhale dontho. Imatha kutero cifukwa mizu yake inapita pansi kwambiri. Mbande yake imakhala zaka zingapo ikuoneka ngati sikula, pamene mphamvu yonse ikupita ku muzu. Pa cifukwa cimeneci munthu sangadikire miombo kuti imupangire mpanda. Phunziro lake ndi lina: amene wapatsidwa malo atsopano okhala ndi mitengo yacilengedwe, asathamangire kugwetsa yonse. Msuku umodzi kapena mtengo wina waukulu wotsala pangodya ya puloti umachinga lero lomwe, pamene wobzala udzachinga ana atayamba sukulu.

Pa Manenekela mseu umakhotakhota m'mapiri, madalaivala namayenda mosamala, kufikira titsikira ku mlatho wa pa Luangwa. Mlathowu unatsegulidwa mu 1968, ndipo uli pa makilomita pafupifupi 230 kucokera ku Lusaka. Apa tatsika mamita oposa 800, ndipo thupi limadziwa lokha: mpweya wolowa pazenera uli ngati wocokera m'ng'anjo. Pamsika wa pafupi ndi mlatho amagulitsa nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Mapiri onse ndi otuwa, milambe yaima yopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Koma m'dziko lotuwali muli madontho obiriwira, ndipo amenewo ndiwo oyenera kuwapenyetsetsa. M'mbali mwa mtsinje muli msikidzi, wa masamba obiriwira modera, wa mthunzi wothithikana kotero kuti dzuwa silipyola. Pa zulu pamamera bwemba, amene zipatso zake zowawasa amai amathira m'phala. M'midzi ya m'cigwa mumapezekanso nimu, wocokera ku India, amene amakondwera ndi kutentha kumene kumapha mitengo ina. Nimu yemweyo mukamutengera kumalo okwera ndi ozizira amakula monyinyirika, monganso mkungudza wa kumapiri ungabvutike mutaubzala pa Luangwa. Palibe mtengo woyenera dziko lonse. Safunsa anadya phula: yendani m'mudzi mwanu kapena m'komboni yanu, muone umene wakalamba uli wobiriwira, mufunse mwini wake dzina lake ndi zaka zake.

Msikidzi ndi bwemba, pamodzi ndi mbawa wa m'mitsinje ya kumtunda, ndi mitengo ikuluikulu. Mbawa angapitirire mamita 30. Yotereyi siibzalidwa mothinana ngati mpanda, ndipo isayandikire nyumba, citsime kapena dzenje la cimbudzi. Isiyireni mamita 8 kapena 10. Nchito yake ndi kuchinga ca patali, kumbali kumene kuli mseu waukulu, msika kapena nyumba yosanja.

Nthoci za ku Nyimba ndi mango a ku Petauke

Kucokera pa mlatho mseu umakweranso, kudutsa Kacholola mpaka ku Nyimba, kumene basi ikangoima amai amaizinga ndi mikoko ya nthoci. Nthoci si mtengo weniweni, koma m'makomo ambiri a kuno ndiyo imagwira nchito ya mpanda pamalo pofunika koposa. Imabzalidwa kuseri kwa bafa, kumene madzi osamba amatsikira tsiku ndi tsiku. Madzi amene akanapanga cithaphwi ca udzudzu amamwedwa ndi mizu, masamba otambalala amachinga wosamba, ndipo pomaliza banja limadya nthoci. Isanathe miyezi 12 tsinde limakhala litatalika kuposa munthu. Pomwe palibe madzi otere, nthoci imang'ambika masamba ndi mphepo nifota, motero siingazungulire puloti lonse.

M'dziko la Ansenga ca ku Petauke, ndi kupitirira mpaka ku Sinda, mudzi umadziwika uli patali cifukwa ca mango. Pakati pa minda youma pamaoneka cigulu ca mitengo yobiriwira, ndipo pansi pake pali nyumba ndi nkhokwe. Nthawi zina mango amaoneka okha popanda nyumba: pamenepo ndi pabwinja, anthu anasamuka kapena anatha, koma mitengo yao ikali kuchinga bwalo lopanda munthu. Mango sayoyola masamba onse nthawi imodzi, sasowa kuthirira akagwira, ndipo ngati simusadza nthambi zake za m'munsi, zimatsika kufika m'ciuno mwa munthu. Mapeyala nawonso amachinga motero pamene dothi liri lakuya. Cofunika kukumbukira n'cakuti mtengo wa mango umatambalala kwambiri. Ukabzalidwa pamalire penipeni, theka la nthambi limalowa kwa mnansi, ndipo pofika Disembala umabala zipatso pamodzi ndi milandu ya ana.

Nkhadze wa ku Katete

Ku Katete, pansi pa mapiri a Mphangwe, tafika pakati pa Acewa, kufupi ndi Mkaika kumene mwambo wa Kulamba umacitikira mu Ogasiti pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Mwezi umenewo ndi wa mphepo ndi akamvulumvulu, ndipo wopenya bwino adzaona cimene cimachinga makola, madimba ndi manda m'midzi yambiri: nkhadze. Makolo anamudziwa kalekale. Alibe masamba oti n'kuyoyola, pakuti timitengo take tobiriwira ndito timagwira nchito ya masamba, natisunga madzi m'kati. Safuna nazale. Mumadula nthambi, muisiya masiku angapo kuti bala liume, ndi kuizika m'nthaka motalikirana phazi limodzi kapena awiri. Amagwira ngakhale pa dothi la miyala, ndipo ziweto kawirikawiri zimamulambalala.

Koma nkhadze ali ndi ukali wake. Utomoni wake woyera ngati mkaka ukagwera m'diso umawotcha koopsa, ndipo munthu angakhale masiku osaona. Zikatero, tsukani diso ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, ndi kupita naye kucipatala msanga. Womudulira aime kumbali kocokera mphepo, ndipo asapukute nkhope ndi manja. Cotero nkhadze ayenera malire a kumunda ndi kukhola koposa bwalo limene ana aang'ono amaseweramo.

Pali zomera zina ziwiri zimene zimaoneka m'mipanda ya m'mbali mwa mseu uno, zoyenera kuzikana ngakhale mnansi akupatseni ulere. Coyamba ndi lantana, citsamba ca timinga ndi timaluwa ta mitundumitundu, cimene cinabwera kucokera ku America monga cokongoletsa. Mbalame zimadya zipatso zake nizimwaza njere paliponse, ndipo tsopano cadzaza madambo ndi malo odyetsera ziweto, mpaka ku nkhalango ya ku Mosi-oa-Tunya kumene anthu akhala akulimbana naco. Ng'ombe ikadya masamba ake imaonongeka ciwindi. Caciwiri ndi kamtengo ka masamba owonda ndi maluwa acikasu onga belu, kamene akatswiri amakacha Thevetia. Kamakhala kobiriwira caka conse ndipo kamapirira cilala, koma njere zake ndi poizoni woimitsa mtima, ndipo mwana angazitole pansi naziyesa mtedza.

Chipata ndi tsoka la mkungudza

Mzinda wa Chipata wakhala m'mbale ya mapiri, pa mtunda woposa mamita 1,000, ndipo mvula imagwa yambiri kuposa ku Lusaka. Njinga zonyamula anthu ndi katundu zimadzaza mseu wopita ku msika wa Kapata. M'mayadi akale, monganso m'matauni ena okwera a m'cigawo cino ca Africa, mpanda wolemekezeka unali wa mkungudza wobzala, umene akatswiri amaucha Cupressus lusitanica, wocokera ku Mexico. Ukadulidwa bwino umakhala ngati cipupa cobiriwira, cosalala ndi conunkhira.

Mu 1986, kutsidya kwa malire ku Malawi, kunaoneka kacirombo kacilendo, nsabwe ya mitengo yochedwa Cinara cupressi. Kamayamwa madzi a m'nthambi, masamba nasanduka acikasu, kenaka ofiira ngati awauka ndi moto, makamaka m'cilimwe. M'zaka zowerengeka kanafalikira ku Tanzania, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi maiko ena, nikafika ku Kenya mu 1990. Minda ya matabwa inaonongeka, mipanda imene anthu anaisamala zaka zambiri inauma, ndipo ngakhale mkungudza wacilengedwe wa pa phiri la Mulanje unagwidwa. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa kamavu kakang'ono kamene kamaikira mazira m'thupi mwa nsabwezo, kuti zicepe. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mpanda wa mtundu umodzi wokha ukagwidwa ndi matenda umafa wonse pamodzi, banja nilitsala pabwalo. Amene asakaniza mitundu iwiri kapena itatu, monga ashoka apa, keshya apo, ndi mzere wa zitsamba za hibiscus m'munsi, akataya umodzi amatsala ndi ina.

Amene akondabe mkungudza adziwenso ici: sumaphukira pa nthambi yakale. Mukaulekerera zaka zingapo ndi kudzaudula kwambiri mpaka pa mtengo wouma wa m'kati, dazi limenelo silidzameranso. Umafuna kumetedwa pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa caka, m'munsi motambalala kuposa pamwamba, kuti dzuwa lifike ku nthambi za pansi. Keshya ndi wosiyana: mukamudula amaphukiranso mwamphamvu, ndipo amapatsa nkhuni, koma mizu yake imayenda pafupi ndi pamwamba nilanda cakudya ca ndiwo za m'dimba. Pafupi ndi Chipata pali malo ofufuzira za ulimi a Msekera, amene anachuka ndi mitengo yobwezera conde m'nthaka monga gliricidia. Imeneyo ndi yabwino m'munda wa cimanga, koma imavula masamba m'cilimwe, motero isasokonezedwe ndi mitengo yochinga.

Mpanda uli ndi mbali ziwiri

Nyumba zomangidwa m'mbali mwa mapiri a Chipata zitikumbutsa funso lomaliza: kodi mpanda utalike motani? Pamalo athyathyathya, maso a munthu woimirira safika mamita 2, motero mpanda wa mamita 2 kapena 2 ndi theka ndi wokwanira. Pamalo otsetsereka, pomwe nyumba ya kumtunda imapenya m'bwalo la ya kumunsi, sikofunika kutalikitsa mzere wonse. Mtengo umodzi kapena iwiri yoikidwa pomwe maso amadzera imakwanira. Imani pakhomo la bafa kapena pomwe mumakhala madzulo, mupenye kumene mukuonekera, ndipo mubzale kumeneko.

Kupitirira apo mpanda umayamba kuba za mnansi. Dziko lathu liri kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, motero m'miyezi yacisanu dzuwa limadzera cakumpoto, mithunzi nigwera kumwera. Mu Juni, ngakhale dzuwa liri paliwombo, mtengo wa mamita 10 umaponya mthunzi wa mamita 7 kapena 8. Mukaubzala pamalire anu a kumwera, mthunzi wonsewo uli pa dimba la mnzanu, pa cingwe cake coyanikira ndi pa malata ake pomwe mwina waikapo sola. Mizu nayo sidziwa malire: imalowa m'mapaipi ndi kung'amba maziko. Za mawaya a magetsi odutsa pamwamba, mtengo wautali usabzalidwe pansi pake konse.

Tisayese kuti bvutoli n'laling'ono. Ku Britain anthu ambiri anabzala mkungudza wa mtundu wochedwa Leyland, umene ungakule pafupifupi mita imodzi pa caka, kuti abisike kwa anansi ao. Mikangano inacuruka kotero kuti mu 2003 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira nchito ku England mu 2005, lolola munthu kukadandaula ku khonsolo ngati mpanda wosayoyola masamba wa mnansi wapitirira mamita 2 numuchingira kuwala. Ife tiri ndi njira yacidule kuposa imeneyo. Musanakumbe dzenje, pitani kwa mnansi, mukhale pansi, mumuuze mtengo umene mufuna kubzala ndi msinkhu umene mudzaulekezera. Kawirikawiri iyenso amafuna kuchingidwa, ndipo mungagawane mbande ndi nchito yodulira.

Mvula ikagwa

Kusankha kumacitika m'cilimwe, koma kubzala kumadikira mvula. M'dziko lathu nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala, nthaka itanyowa bwino. Kumbani maenje mvula isanayambe, masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya, musakanize dothi la pamwamba ndi manyowa owola bwino, pakuti osawola amaitana ciswe. Bzalani m'kati mwa malire anu, osati pamzere penipeni, ndipo cotsani pulasitiki ya mbande musanakwirire. Mpanda wakale wa udzu musaugwetse msanga: udzateteza mbande ku mbuzi ndi mphepo, nudzachinga banja kufikira wamoyo utakula. Mtengo amauwongola ukali waung'ono, motero yambani kutsina nsonga za zitsamba m'caka coyamba kuti zicite nthambi kuyambira pansi.

Ndipo pozungulira nyumba ndi mitengo, siyani mbali ya kutsogolo yofupika, kuti wodutsa athe kupereka moni ndi kuyankhidwa. Liu lakuti cipata m'cinenero cathu litanthauza polowera, ndipo mpanda uli wonse wabwino umakhala naco. Banja lobisika kotheratu silionedwa ndi wakuba yekha ai; silionedwanso ndi mnansi amene akanathamangira utsi utayamba kufuka padenga, kapena amene akanazindikira kuti kwaca koma citseko ca agogo sicinatsegulidwe. Chingani bafa, chingani kuseri, chingani kumene kucokera fumbi, koma njira ya pakhomo ikhale yooneka.